Kulira Komwe Ndinafufuta pa Nyimbo Yachisanu

Ntchito ya mu situdiyo ndinaipeza chifukwa cha waya. Nthawi imeneyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, ndinkasamalira okalamba pa nyumba ina ku Lawrence, mumzinda wa Indianapolis. Lamlungu ndinkakhala kumbuyo m'tchalitchi, pa miksa, makina oyendetsera mawu, kuonetsetsa kuti maikolofoni ya abusa isalire ngati kambuzi. Palibe anandiphunzitsa. Bambo amene ankagwira ntchitoyo atasamuka, mpingo wonse unangotembenukira kwa ine, ati Thoko ndi wosakwatiwa, nthawi ali nayo.

Sabata ina sipika yakumanzere inafa, ndiye anaitana bambo wina wa konkuno ku America, a Darrell, kuti adzaikonze. Atamaliza anandipeza ndikukulunga waya wa maikolofoni, kamodzi chakutsogolo, kamodzi chakumbuyo, kuti usapotokole. Umu ndi momwe bambo anga ankakulungira paipi yothirira kudimba ku Ntcheu. A Darrell anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Wakuphunzitsa zimenezo ndani?"

"Bambo anga."

"Ndi injiniya?"

"Ayi, amalima tomato."

Anaseka mpaka kukhosomola, kenaka anandifunsa chimene ndimachita Loweruka.

Situdiyo yawo inali mu msewu wa Lafayette, kuseri kwa sitolo ya matayala. Zipinda zinali ziwiri, china cha makina, china cha woimba, pakati pali galasi lalikulu. Ndinayamba ndi kusesa, kuimika maikolofoni ndi kulemba dzina pa waya uliwonse ndi tepi yoyera. Kenaka anandilola kukhala pa kompyuta. Anandiphunzitsa kuika kansalu kaukonde patsogolo pa maikolofoni kuti mpweya wa woimba usamaphulikire mmenemo, kuyeza mphamvu ya mawu kuti magetsi a pa miksa asafike pofiira, ndi kusunga chilichonse pawiri mu kompyuta ndisanachikhudze. Patatha chaka ndinasiya kwa okalamba kuja. Abale, ndinkadzimva! Mtsikana wa ku Ntcheu, mahedifoni kumutu, oimba akudikira chala changa kuti ayambe.

Koma lamulo lalikulu la a Darrell silinali la makina. Anandiuza tsiku loyamba lomwe, ndipo ankalibwereza kawirikawiri: "Nyimbo ndi ya mwini wake. Iwe sunenapo kanthu pokhapokha atakufunsa." Anali ndi chifukwa chake. Wothandiza amene analipo ine ndisanabwere anauza woimba wina kuti vesi yake ndi yozizira, woimbayo ananyamula nyimbo zake zonse n'kupita kwina. Ine lamulolo silinandivute. Kwathu tinakula choncho, akulu akamayankhula iwe maso pansi.

Chiko anafika nyengo ya chisanu, atavala chijekete chachikulu ngati bulangete. Anabadwira ku Zomba koma anachoka ali ndi zaka zinayi, n'kukulira ku London. Kumeneko anali wodziwika kale pa nyimbo zotchedwa grime. Kwa amene simuzidziwa, ndi nyimbo za anyamata a m'mafulati a ku London: ng'oma zake ndi zouma, zothamanga ka 140 pa mphindi, bezi yake yogwedeza m'mimba, ndipo woimba amathamangitsa mawu ngati woitanira minibasi pa depoti ya Limbe. Kampani yake inkafuna chimbale chofewerako, chokhala ndi makolasi oti munthu aziimba nawo akuyendetsa galimoto, kuti chilowe pa mawailesi a ku America. A Darrell ankadziwika pa kusalaza mawu a oimba. Chinanso, mayi ake a Chiko, aNambewe, anali namwino ku South Bend. Anasamukira kumeneko bambo a Chiko atamwalira, ndipo mwana ndi mayi anali atatha zaka akungoonana pa foni.

Atamva kuti ndine Mmalawi anakuwa ngati wapeza chikwama chotayika. "Sisi Thoko! Muli bwanji?" Chichewa chake chinathera pomwepo. Ankamva za m'nyumba zokha, bwera udzadye, tseka chitseko, wasamba kodi, koma ankayankha m'Chingerezi cha ku London chomeza zilembo. Ndinkamuseka kuti iwe ukapita kumudzi akakugulitsa uli pomwepo, ukumwetulira. Iye ankandibwezera kuti ndimayendetsa galimoto ngati agogo. Miyezi inayi tinagwira ntchito limodzi, ndipo ndinamukonda ngati mlongo wanga weniweni. Loweruka lililonse ankakwera galimoto kupita ku South Bend, Lolemba n'kubwera ndi mandasi a mayi ake m'kontena.

Chinkamupweteka chinali chimodzi. Mayi ake sanamvepo nyimbo yake ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Ankati muli zotukwana, komanso phokoso lake limawapweteketsa mutu. "Pa chimbale ichi ndikufuna pakhale imodzi yokha yoti mami aime, avine," anandiuza tsiku lina tikudya mandasi aja. Ndalama ndi mawailesi zinali nkhani za kampani. Iye ankafuna chimenecho.

Lolemba lina anabwera ndi kaseti. Anaipeza m'sutikesi ya mayi ake, pansi pa zitenje, itakulungidwa m'mpango. Panalibe cholembedwa. Anali ataimvera pang'ono m'galimoto yakale ya mnzake, ndipo maso ake ankawala. Ati ndi kwaya ya kumudzi, azimayi okhaokha, mawu oti ungalire.

Kusamutsa kaseti kupita mu kompyuta inali ntchito yanga. Ndinapukuta mitu ya makina ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti, ndinaithamangitsa kasetiyo kutsogolo mpaka kumapeto n'kuibweza kuti tepi imasuke, ndinayeza mphamvu ya mawu, kenaka ndinavala mahedifoni n'kudina batani.

Mphindi imodzi isanathe ndinali nditazindikira chimene ndikumva. Azimayi ankaimba nyimbo ya m'buku, inde, koma ankaikoka pang'onopang'ono, mmene amaimbira anthu amene agona pansi masiku awiri. Panalibe kuwomba m'manja, panalibe nthungululu. Mapazi ankamveka kukwekwesa pa dothi. Ndipo kumbuyo kwa oimbawo, chapatali ndithu, mayi wina ankalira. Sikunali kusisima ayi, kunali kubuma kuja kwa mayi amene akumugwira uku ndi uku kuti asagwe. "Mayo ine, mwana wanga! Mwana wanga ine!" Munthu wokulira kwathu sangasokoneze zimenezi ndi china chilichonse. Anali maliro, ndipo anali paulendo wa kumanda.

Pa masipika akuluakulu kulirako kunkamveka ngati munthu akukuwa patali. Chiko anati ameneyo wagwidwa ndi mzimu, ngati azimayi a kutchalitchi kwa mami. A Darrell anali atayamba kale kugwedeza mutu, akuwerenga ndi zala. Anamva golide.

Ndinavula mahedifoni. "Chiko, mayi akudziwa kuti watenga kasetiyi?"

"Ayi sisi, ndikufuna kuwasapulaiza."

"Bwanji uwafunse kaye?"

A Darrell anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Ndiyenera kunena zoona apa, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkaikankhira nkhaniyi kwa a Darrell ndi lamulo lawo. Lamulo linalipo, ntchito ndinkaiopera, zimenezo n'zoona. Koma chimene chinanditseka pakamwa kwenikweni chinali cha kwathu. Kwathu uthenga wa imfa superekedwa ndi aliyense. Pali akuluakulu ake, pali nthawi yake, pali kakhalidwe kake pansi. Ine mlendo, wosakhala wa magazi awo, ndikanayamba bwanji kuuza mwana wa eni ake kuti m'sutikesi ya mayi ako muli maliro? Maliro a ndani? Ngati mayi akewo sanamuuze, ine ndine yani? Ndinadziuza kuti ndafunsa funso, mwana wanzeru amva. Ndinaiwala kuti Chiko anakulira ku London, kumene munthu akafuna kukuletsa chinthu amati usachite. Funso langa iye analimva ngati funso basi, analiyankha, nkhani n'kutha.

"Mayi akukuwayo achoke," anatero a Darrell. "Pofika Lachisanu ndikufuna kwaya yoyera."

Pali pulogalamu ya pa kompyuta imene imaonetsa mawu ngati chithunzi. Oimba amaoneka ngati mizere yachikasu yogona, kutsokomola kumaoneka ngati kadontho, ndipo kulira kwa mayi aja kunkaoneka ngati mizere yokhota, yokwera n'kugwa. Ntchito yake ndi kuzungulira mzere umene sukuufuna, kuufufuta, ndipo kompyuta imatseka bowolo ndi mawu a m'mbali. Ukafufuta kwambiri oimba amamveka ngati ali m'chitini. Ukafufuta pang'ono kulira kumatsala ngati mluzu. Ndinakhala pamenepo masiku awiri athunthu, kumvera kulira kulikonse kakhumi kakhumi kuti ndikupeze bwino. Pamene panakanika, a Darrell anaikapo ng'oma kuti ibise. Kenaka tinaithamangitsa kwayayo kuti igwirizane ndi biti, kugunda kwa ng'oma zathu, tinaikweza pang'ono, Chiko anaimba mavesi awiri opanda chitukwano ngakhale chimodzi, onena za mayi amene amadzuka kukagwira ntchito kunja kuli chipale. Inakhala nyimbo yachisanu pa chimbalecho.

A Darrell atamvera ntchito yanga anandigwira paphewa. "Tsopano ndiwe injiniya." Kalanga ine, ndinakondwa. Ndinaimbira mchemwali wanga foni kumuuza.

Chimbale chinatuluka chilimwe. Ku London olemba za nyimbo anagawikana. Ena a m'mafulati muja anati Chiko wadzigulitsa, wasiya grime n'kuyamba kuimbira azungu a m'magalimoto. Ena anati wakula. Koma onse, ngakhale omunyozawo, ankagwirizana pa nyimbo yachisanu. Ankalemba kuti mmenemo muli chimwemwe cha mudzi wa ku Africa. Mawailesi a kuno, amene sanaikepo grime chiyambire, anayamba kuiika m'mawa ndi masana. Ndinaimva m'sitolo ya zakudya, ndinaimva potsitsa mawindo pa maloboti. Chimbale chinagulidwa kuposa zonse zimene Chiko anatulutsapo, ndipo foni ya a Darrell sinkapuma. Ine ndikawerenga za chimwemwe cha mudzizo ndinkadzitonthoza kuti mwina anali maliro a munthu wakutali, mwina mayi aja anaiwala n'kuiwala kasetiyo. Bodza lenileni. Munthu sasunga kaseti m'mpango zaka makumi awiri chifukwa cha munthu wakutali.

ANambewe anali asanamve chilichonse. Wailesi yawo inali ya nyimbo zauzimu zokha, ndipo Chiko anapempha aliyense kuti asawauze. Ankafuna kuti akaimve koyamba pa phwando la Amalawi limene linkachitika Loweruka lina masana, mu holo yobwereka pakati pa tauni ya South Bend. Anandipempha kuti ndikayendetse zokuzira mawu. Ndinanyamula masipika awiri ndi miksa yaing'ono, ndinayenda ulendo wa maola awiri ndi theka, ndipo njira yonseyo ndinkati ndikafika ndimuitanira pambali. Nditafika ndinamupeza atavala malaya a chitenje amene mayi ake anamusoketsera, akunyamula mipando, akuseka ndi aliyense. Ndinayamba kulumikiza mawaya.

Anthu atadya, Chiko anatenga maikolofoni. Anali ataloweza mawu a Chichewa, ndipo amene anamuphunzitsa ndine. "Amayi, nyimbo iyi ndi yanu. Zikomo pondilera." Holo yonse inaombera m'manja. ANambewe anali pa tebulo lakutsogolo, mayi wamfupi wonenepa bwino, atavala duku lobiriwira. Anaphimba kumaso ndi manja mwamanyazi, akuseka. Chiko anandikodola. Chala chimene chinadina batani ndi changa.

Biti inayamba, ana anathamangira pakati. Achinyamata anaimirira, mafoni m'mwamba. Kenaka kwaya inalowa.

Ndinkawayang'ana aNambewe okha. Manja anatsika pang'onopang'ono. Anapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva dzina lake pa msika. Kuseka kunatha. Amayi awiri achikulire amene anakhala nawo anayang'anana, mmodzi n'kugwira pakamwa, chifukwa nyimboyo ngakhale uithamangitse bwanji, amene anaperekezapo maliro amaidziwa. ANambewe anaimirira. Chiko anaganiza kuti nthawi ija yafika, anatambasula manja akubwera movina. Koma iwo anatsetsereka n'kukhala pansi, pa simenti, miyendo tambalale, dilesi lawo lokongola lili pomwepo. Amayi awiri aja anavula nsapato n'kukhala pansi pambali pawo. Ena anatsatira. Wina anamasula chitenje n'kuwafunditsa.

Ndinatsitsa mawu mpaka pansi. Muholo munangoti zii, kupatula kamwana kena kamene kankavinabe kokha.

"Mami, chavuta n'chiyani?" Chiko ankafunsa m'Chingerezi, atagwada. "Mami?"

"Amene akutsogolera nyimboyo ndi mayi ako aakulu," anatero aNambewe, mawu ali pansipansi. "Tikupita kukaika Tiyamike. Mlongo wako. Iwe unali kumsana kwa agogo ako."

Ndinamva nkhani yonse tsiku lomwelo kwa amayi ena. Tiyamike anamwalira ali ndi zaka zisanu, Chiko ali ndi ziwiri. Bambo awo anali kale ku London pa sukulu, ndipo sakanatha kubwera. Ndiye amalume ake a Chiko ananyamula wailesi ya kaseti pa maliropo, kujambula zonse, kuti bambowo akamve mmene mwana wawo anaperekezedwera. Chiko ankadziwa kuti kunali mlongo wake amene anamwalira, koma za kaseti sankadziwa.

Chiko ankangoti pepani, pepani, liwu limodzi la Chichewa limene linamutsalira. Mayi ake sankamuyang'ana. Ankayang'ana masipika.

"Koma ine ndili kuti mmenemo?" anafunsa. "Pamene mayi ako aakulu akukweza mawu paja, ine ndikuitana mwana wanga. Ndimadziwa, ndimaimvera chaka chilichonse. Ndili kuti?"

Chiko anatembenuka kuyang'ana ine, anthu onse n'kutembenukanso. Ndinachoka kuseri kwa miksa, ndinagwada chapatali.

"Ndinakuchotsanimo ndine, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndiwe mwana wa kuti?"

"Ku Ntcheu, mayi."

"Unabwera kuno uli wamkulu?"

"Eya, mayi."

"Ndiye unamva kuti ndi maliro."

"Ndinamva."

"Uyu sadziwa kanthu, ndinamulera kwa eni ake. Mzungu wanuyo sadziwa kanthu." A Darrell ndi munthu wakuda, koma sindinawakonze. "M'chipinda monsemo amene anali ndi makutu a kwathu unali iwe wekha. Ndiye unandimva ndikulira mwana wanga, n'kundifufuta kuti anthu avine bwino?"

Phwando linathera pomwepo. Amayi aja anawadzutsa aNambewe n'kupita nawo kunyumba kwawo, kumene ndinamva kuti anakhala nawo pansi mpaka Lamlungu, ngati maliro achitika kumene. Ine ndinakulunga mawaya anga ndekha. Chiko anandipeza ndikulongedza m'galimoto. Maso anali ofiira.

"Sisi, bwanji sunangondiuza?"

"Ndinakufunsa ngati mayi akudziwa."

"Unandifunsa," anatero. "Sunandiuze."

Anayesetsa kuti nyimboyo ichotsedwe. Kampani inakana, ati ndiyo ikugulitsa chimbale, ndipo mapepala anasainidwa kale. Anasiya kuiimba pa mashowo, anthu n'kumamukuwiza kuti talipira chifukwa cha imeneyo. Olemba nkhani aja anayamba kunena kuti kutchuka kwamulowa m'mutu. Iye sanafotokozere aliyense, chifukwa kufotokoza kukanakhala kuika maliro a mlongo wake m'nyuzipepala kachiwiri. Anabwerera ku London chisanu chisanayambe. Ndinamva kuti iye ndi mayi ake amayankhulana, koma za moni ndi za nyengo. Zovina zija sizinachitike.

Kaseti ndinakaibweza ine mwini, nditatenga amayi ena achikulire a kutchalitchi kwathu kuti akandiyankhulire, monga mwa mwambo. ANambewe anatilandira, anatipatsa tiyi, anati zatha, Mulungu ndiye mwini kukhululuka. Kasetiyo anailandira ndi manja awiri. Koma potiperekeza pakhomo anandiuza chinthu chimene chinandipweteka kuposa za muholo zija. Anati sangathenso kuimvera. Akangoiika, mutu wawo umayamba kuthamangitsa nyimboyo, ng'oma zija n'kumalowa zokha.

A Darrell nditawafotokozera anati, "Chikhala unandiuza, tikanaisiya." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Ndinagwira nawo ntchito zaka zina zitatu, ndipo lero ndili ndi kachipinda kangakanga kojambulira. Lamulo lawo lija ndimalisungabe pa za mavesi ndi makolasi, nyimbo ndi ya mwini wake. Koma munthu akabwera ndi mawu ojambulidwa kwina, kaya pa kaseti kaya pa foni, sindikhudza batani ndisanadziwe kuti akumvekawo ndi ndani, anali pati, ndipo avomera kapena ayi. Ndikamva chinthu chimene mwini wake sakuchimva, ndimachinena ndi dzina lake, mosazungulira, ngakhale akhale wamkulu kwa ine, ngakhale achoke ndi ntchito yake. Ena amachokadi, amati mayi uyu ndi wamwano. Ulemu uja ndinauyesa kale, ndipo ndinaona chimene unachita.

Chiko sanatulutsenso chimbale china. Nyimbo yachisanu ikumvekabe m'masitolo ndi pa maukwati, ndipo anthu amavina ndithu, chifukwa ndi yokoma. Ine ndikaimva ndimadziwa malo alionse amene ng'oma ikugunda mwamphamvu kuposa pena, ndipo ndimadziwa amene ali pansi pake.